Kathabwa ka Malume

1. Munthu wosasiyidwa

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndagwira ntchito pa depoti ya mabasi. Ine palibe chinthu chokhala ndi injini chinandisiyapo."

Anali Malume amenewo, pa mzere wokwera sitima, akuuza bambo wina amene sanawafunse kalikonse.

Mzime, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anali kumbuyo kwawo ndi chikwama cha buledi ndi nthochi. Anayang'ana mayi ake. Mayi akewo anayang'ana kumadzi nakhosomola pang'ono, ngakhale analibe chifuwa. Paja pa ukwati wawo, mchimwene wawoyu anafika pa njinga yobwereka, anthu akutsuka mbale.

Chinali chaka chimene Mzime anakhoza mayeso. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi kuti akayambe sukulu yogonera komweko. Mayi ake, amene ankasoka zovala m'khonde mwa sitolo, anafunditsa makina nsalu, nati mwana asachoke pakhomo asanaone nyanja yamchere. Malume sanaitanidwe kwenikweni. Anangomva, nadzisankha okha kukhala mtsogoleri wa ulendo.

Nyengo yotentha inali ikutha. Alendo anali atachepa, ndipo uwu unali ulendo womaliza wa sitima yozungulira zilumba chaka chimenecho. Inkaima pa zilumba zitatu, kenako n'kukathera pa doko lalikulu.

Sitima imeneyo lero kulibe. Kunabwera maboti aliwiro, omwe munthu amafika asanadziwe dzina la amene wakhala naye pampando. Ijayi inkayenda ngati ng'ombe yokhuta. Inkanunkha dizilo, utoto ndi zingwe zonyowa. Mpaka lero Mzime akamva fungo la utoto watsopano amayamba waima kaye.

2. Bolodi la a Kawerenga

Pakhomo lokwerera panali bolodi lalikulu lokhomedwa misomali. Pa msomali uliwonse panalendewera kathabwa kanambala, kosalala chifukwa cha manja a anthu. Mwini bolodilo anali mkulu wina wowonda, wovala chipewa cha kampani chofwifwa. Anzake ankawatcha a Kawerenga.

Sitima isananyamuke, a Kawerenga anaimba wezulo, nayamba kulankhula.

"Makolo anga ndi ana anga, tamverani kuno. Ine mayina anu sindiwadziwa, ndipo nkhope zanu ndiziiwala tisanafike pa chilumba chachiwiri. Chimene ndimadziwa ndi bolodi ili. Potsika, tengani kathabwa kanu. Pokwera, kakolekeni pa msomali wake. Kathabwa kakakhala pa msomali, ndiye kuti mwini wake ali m'sitima. Msomali ukakhala wamaliseche, mwini wake ali kumtunda, ndipo sitinyamuka ngakhale a Kaputeni atalira misozi.

"Tsono aliyense akoleke kake ndi dzanja lake. Musakolekere akazi anu, ngakhale mumawakonda. Musakolekere amuna anu, ngakhale mukufuna tiwasiye. Kathabwa kalibe maso. Kamanena zomwe dzanja lakauza. Ndiponso nyanja ino si chitsime cha kwanu. Madzi ake amapita ndi kubwera pa nthawi yake, ndipo akaphwa sitima siibwerera munthu. Ndanena m'mawa kuti masana tisadzayambane."

Anthu anaseka pa zoseketsazo, zinazo n'kuzisiya zidutse. Mzime anapatsidwa nambala 47, mayi ake 48, Malume 49.

Malume anatembenuza kathabwa kawo uku ndi uku, nati njirayi ndi yachikale, ku depoti ankachita bwino kuposa apa. Kenako anapeza kuti kabudula wamaluwa amene anagula dzulo lake analibe matumba. Anamupatsa Mzime kuti azikasunga pamodzi ndi ka mayi ake akatsika, ati mtsogoleri sanyamula katundu.

Mayi wogulitsa tiyi m'sitimamo anali wokonda kucheza. Pothira tiyi anawanong'oneza mayi ake a Mzime kuti mkulu wa bolodi uja masiku ake atha. Manijala wa pa doko lalikulu ankati wakalamba, maso afooka. Tsiku lomwelo ndi limene manijalayo ankalemba mayina a oti adzabwererenso pa ntchito nyengo ikadzayamba. Mkuluyo akangolakwitsa kamodzi, basi. Mzime anamva zonsezi akusenda nthochi.

3. Zilumba ziwiri zoyamba

Pa chilumba choyamba mchenga unali woyera ngati shuga. Mzime anatunga madzi m'manja, nalawa, nalavula. Mayi ake anakwinya diresi mpaka m'mawondo n'kulowa m'madzi. Funde litawamenya anakuwa, kenako anaseka mpaka kugwira pamimba. Mzime anali asanawaonepo mayi ake akuseka alibe singano pakamwa.

Pa chilumba chachiwiri anamwa madzi a kokonati pansi pa mitengo yopendekeka. Malume anapeza msodzi akusoka ukonde, namufotokozera kasokedwe kabwino ka ukonde. Msodziyo anavomera zonse mwaulemu, akupitiriza kusoka monga mmene anasokera agogo ake.

Pokwera, maulendo awiri onsewo, Mzime anapereka timathabwa kwa eni ake pakhomo penipeni, ndipo aliyense anakoleka kake. Koma kudikira Malume kunali ndi mtengo wake.

Pamwamba pa sitima, kutsogolo kwenikweni, panali benchi imodzi. Wokhala pamenepo ankaona nsomba zikuluzikulu zikudumpha motsogoza sitima. Kawiri konse Mzime anapeza benchiyo itatengedwa ndi anyamata awiri amapasa, amene ankatambalala dala miyendo kuti pasatsale malo. Iye ankangomva anthu akuti "Iyo! Iyo!" akuona misana yawo.

Tsopano kunatsala chilumba chimodzi.

4. Dzanja la Mzime

Chilumba chachitatu chinali chaching'ono. Panali kagolosale, nyumba zochepa za asodzi ndi nsanja yaitali ya nyali yowunikira sitima. Malume anayang'ana wotchi ya pa nsanjayo, nayang'ana yawo, napukusa mutu. Anati yatsalira ndi mphindi zitatu, ndipo munthu wodziwa nthawi sangaone zotere n'kungodutsa. Anakwera masitepe kukaonana ndi mlonda wake.

Wezulo yoyamba italira, Mzime anathamanga. Anali woyamba kufika pa thabwa lokwerera. Amapasa aja anali akadali kugolosale. Mayi ake ankabwera chapafupi, nsapato zili m'manja. Malume sankaoneka.

A Kawerenga anali atatembenuka. Ankathandiza mayi wina wa mwana wakhanda kukweza chikuku chimene gudumu lake linakodwa pakati pa matabwa.

Mzime anaima pa bolodi, timathabwa titatu tili m'manja. Anayang'ana kunsanja. Anayang'ana kugolosale, kumene amapasa anali atayamba kutuluka. Wezulo yachiwiri inali isanalire, ndipo munthu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri pa depoti sakanalephera kuimva.

Anakoleka 47. Anakoleka 48. Anakoleka 49. Kenako anakwera masitepe awiriawiri.

Mayi ake atafika anaona kathabwa kawo kali kale pa msomali, nangodutsa. Anali atatopa ndi dzuwa, ndipo anakakhala pamthunzi pafupi ndi mayi wa tiyi. Malume ankawaganizira kuti ali kuchipinda cha injini, akuphunzitsa amakaniko ntchito yawo.

A Kawerenga anawerenga bolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi, chala chikuyenda pa msomali uliwonse. Linali lodzaza. Anakweza dzanja, sitima inalira, n'kunyamuka.

Nsomba zija zinabweradi. Zinali zisanu, zakuda kumsana, zikudumpha ngati zapangana. Mzime anaziona bwinobwino, popanda msana wa munthu kutsogolo kwake. Zinali zokongola kuposa mmene ankaganizira.

5. Funso la mayi

Patapita theka la ola, mayi ake anazindikira kuti m'sitima mwachita bata lachilendo. Palibe amene ankalangizidwa. Anafufuza pansi, anafufuza pamwamba, anagogoda ngakhale kuchimbudzi. Kenako anapita kwa a Kaputeni.

A Kaputeni anati kubwerera n'kosatheka. Madzi anali ataphwa, ndipo sitima ikanakhala pa miyala. Anatumiza uthenga pa wailesi kuti kaboti kakang'ono ka pa doko lalikulu kapite kukawatenga Malume. Atatero anatsika kukaima pa bolodi, anthu n'kuwaunjirira.

Mayi ake anamukoka Mzime pa benchi paja.

"Kathabwa ka malume ako unakatani?"

"Ndinawapatsa kuchilumba," anatero Mzime, mokweza, kuti onse amve.

Bodza likatuluka silisowa olithandiza. Bambo wina anati ndiye kuti mwini wake anakagwetsa. Mayi wina anati inde, a Kawerenga anakatola n'kukakoleka osafunsa. Wachitatu, amene nthawi yonseyo anali m'tulo, anati iye anaona ndi maso ake.

A Kawerenga anayankha kamodzi kokha, motsitsa mawu, kuti iwo sakoleka kathabwa ka munthu. A Kaputeni anawafunsa ngati kathabwako kanamera mapiko. Anthu anaseka. Mayi wa tiyi yekha ndiye sanaseke. Anatsuka kapu imodzi katatu.

6. Kumbuyo kwa sitima

Mzime sanabwerere pa benchi. Amapasa anaitenga, ndipo iye sanawayang'ane n'komwe. Anayenda mpaka kumbuyo kwa sitima, kumene utsi unkagwera ndipo anthu sankakhalako. Anapeza a Kawerenga akukulunga chingwe.

Anafuna kubwerera, koma mkuluyo anamusunthira malo pa bokosi. Anamufunsa chifukwa chake wasiya benchi yabwino ija. Mzime anati dzuwa. A Kawerenga anavomera kuti dzuwa la chaka chino ndi loopsadi, napitiriza kukulunga.

Patapita nthawi anayamba kulankhula, maso ali pa chingwe.

"Kale tinkawerenga mitu, mama. Ndinali mnyamata, maso akuthwa, wodzikhulupirira. Tsiku lina pa chilumba tachokachi ndinawerenga mitu, inakwana. Kani mayi wina anali atasenza mtolo wovekedwa chipewa, ine n'kuuwerenga ngati munthu. Tinasiya mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Tinamupeza mawa lake pansi pa bwato lovundikira, ali moyo, koma anatha chaka osalankhula.

"Palibe anandiona ndikulakwitsa. Ndikanatha kunena kuti makolo ake ndiwo osasamala, ndipo anthu anali atayamba kale kutero. Ndinakhala chete masiku atatu. Ndikuuze, mwana wanga, masiku atatu amenewo chakudya chinkakoma ngati thonje. Tsiku lachinayi ndinakanena. Anandidula malipiro, ananditukwana, koma ndinagona tulo. Kenako ndinasema timathabwa timeneti ndi mpeni wanga, kamodzikamodzi.

"Lero sindinaone dzanja la munthu, ndipo sindiloza chala pa zomwe sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti kulakwa kuli ngati chikwama. Mwini wake akachisiya pansi, sichikhala pansipo. Amachinyamula wina, ndipo kawirikawiri amakhala amene msana wake watopa kale."

Anamanga mfundo kumapeto kwa chingwe, namufunsa ngati nsomba zija anazionadi. Mzime anagwedeza mutu movomera. Mkuluyo anati zili bwino, chifukwa ena amayenda ulendo wonse osaziona.

Doko lalikulu linali litayamba kuonekera.

7. Mboni za Manijala

Manijala anali akudikira pa doko. Anali munthu wamfupi wa zolembera zitatu m'thumba la malaya, ndipo anabwera ndi bokosi loti aimirirepo. Analamula kuti pasachoke munthu. Ankafuna mboni, kuti alendo akafika kwawo akanene kuti kampani yake siisekerera ulesi.

Anthu makumi asanu ndi limodzi anaima padzuwa ndi zikwama zawo. Ogwira ntchito m'sitima anandanda mbali imodzi. Onyamula katundu a pa doko anasiya ngolo zawo n'kubwera kudzaonerera.

Manijala analankhula za mbiri ya kampani, za udindo, ndi za iye mwini. Anati anali ataziona kale zimenezi zikubwera. Kenako anatulutsa kalata, yomwe inkaoneka kuti inalembedwa sitima isanafike, nauza a Kawerenga kuti apereke chipewa ndi wezulo.

A Kawerenga anavula chipewa. Pamutu pawo panali mzere woyera, pomwe dzuwa linali lisanafikepo kwa zaka zambiri. Anavula wezulo m'khosi, naika zonse m'manja mwa Manijala.

Mzime anali ndi ngongole ya mawu awiri okha, koma anali olemera ngati nangula.

"Ndinakoleka ndine."

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono, ndipo ngolo ina inali ikudutsa. Anawamva ndi mayi ake okha. Manijala anafunsa ali pabokosi pomwepo kuti mwanayo akuti chiyani, ngati akufuna madzi amupatse.

Mayi ake akanatha kunena kuti palibe. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anamuchotsa chikwama paphewa.

"Kweza mawu. Bodza lija unalinena mokweza."

Mzime anayenda mpaka pakati pa bwalo limene anthu anapanga.

"Kathabwa ka malume ndinakoleka ndine. Sindinawapatse. Ndinakoleka kanga, ka amayi ndi kawo, agogowa atatembenuka kuthandiza mayi wa mwana. Ndinkafuna benchi yakutsogolo. Atandifunsa amayi ndinanama. Agogowa anawerenga bwino. Bolodi linali lodzaza chifukwa ndinalidzaza ndine."

Bambo uja anaona ndi maso ake anayamba kufufuza kanthu m'chikwama. Mayi wa mwana wakhanda ananena kuti n'zoona, mkuluyo anali naye pa chikuku. Mmodzi wa amapasa anawonjezera kuti mtsikanayo anafikadi msanga modabwitsa, ndipo mnzake anamugunda ndi chigongono.

Manijala anayang'ana kalata, nayang'ana mboni zimene anaziitana yekha. Zinali zambiri, ndipo zonse zinali kumuyang'ana. Anakhosomola. Anati iye ankakayikira kuyambira pachiyambi kuti nkhaniyi ili ndi mutu wina, ndipo n'chifukwa chake anasonkhanitsa anthu. Anapinda kalata kanayi n'kuilowetsa kuseri kwa zolembera.

A Kaputeni anati popeza anthu onse ali pano, dzina la mkuluyo lilembedwe pompano pa mndandanda wa chaka chamawa. Onyamula katundu anavomereza. Manijala anasankha cholembera chapakati, nalemba atatsamiritsa pepala pabondo. Kenako anatsika pabokosi n'kubweza chipewa ndi wezulo.

Mzime anapita kwa a Kawerenga. Anali atakonza mawu ambiri, koma anangotsala ndi awiri.

"Pepani, agogo."

Mkuluyo anavala chipewa, nachiwongola bwinobwino.

"Msana ndinatembenuzadi, mama, ndipo chaka chamawa bolodi ndidzaliika pomwe ndingalione ndikukweza chikuku. Koma zanga wandibwezera, ndipo wabweza anthu akuona. Pakati pa iwe ndi ine palibenso kanthu."

Anamugwira dzanja monga amachitira ndi munthu wamkulu. Chikhatho chawo chinali chokhakhala ngati chingwe chija.

Anthu anayamba kutola zikwama. Mayi ake sanamukalipire, komanso sanamuyamikire. Anangomubwezera chikwama paphewa, nati nkhaniyi akaifotokozanso yekha kwa malume ake, kuyambira pa 47 mpaka pa 49, ndipo iwo sakamuthandiza ngakhale liwu limodzi.

Ali pakati ponena zimenezo, wa pa wailesi anatuluka mu ofesi, chomvera chili m'khosi. Anafunsa kuti abale a bambo wosiyidwa uja ndi ati.

Kaboti kanafika pa chilumba, anatero, koma pa doko sanapezepo munthu. Mlonda wa nsanja anawauza kuti bamboyo anadikira pang'ono, kenako anaona kuti madzi ataphwa paoneka njira ya mchenga yopita ku chilumba chachiwiri. Asodzi anamuletsa. Iye anawafotokozera kuti wawerengera nthawi bwinobwino, navula nsapato n'kuuyamba ulendo wapansi.

Mayi ake a Mzime anakhala pansi pa bokosi la Manijala.

A Kawerenga anapita m'mphepete mwa doko n'kuyang'ana pa chipilala, pomwe madzi amasiya chizindikiro. Kenako anatembenukira kwa a Kaputeni.

"Madzi ayamba kubwerera," anatero.